Kujambula mango ndi usipa zikuola pang'onopang'ono: zokambirana za ojambula a ku Salima ndi Nkhotakota

Mphunzitsi wa ku Chipoka

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yandivuta kwa masabata awiri, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera kamera kuposa ine. Ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndipo chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa zinthu, ophunzira amalemba m'makope zonse zimene ndanena, koma nkhope zawo zimandiuza kuti sanaone kanthu. Mwana wa kuno amalidziwa bango labwino, amalidziwanso bango loola, koma zimene zimachitika pakati pa awiriwa sanazipenyepo, chifukwa palibe munthu amene angakhale pansi sabata yathunthu akuyang'ana chipatso chimodzi.

Choncho ndinaganiza zoyesa njira ija amati time-lapse, imene kamera imajambula chithunzi chimodzi, kudikira kanthawi, kujambulanso china, kenako zithunzi zonsezo n'kulumikizidwa kuti zikhale kanema wamfupi. Ndinaika mango atatu a maboloma m'mbale pawindo la pabalaza, foni ndinaitsamiritsa pa mabuku. Zimene ndinapeza zinandifooketsa. Kanemayo akuthwanima ngati mphezi, kwina kowala kwambiri, kwina mdima wokhawokha. Tsiku lachitatu foni inatentha n'kudzizimitsa yokha, ndipo mwana wanga posesa anagunda tebulo, moti pakati pa kanema mango akudumpha kuchoka kumanzere kupita kumanja. Kodi ndinalakwitsa pati?

Wojambula maukwati wa ku Nkhotakota boma

Aphunzitsi, ganizo lanu ndi labwino kwambiri, ndipo zolakwika zonse zimene mwatchulazi zili ndi mankhwala ake. Choyamba ndi windo. Kuwala kwa dzuwa kumasintha mphindi iliyonse: mtambo ukadutsa chithunzi chimada, dzuwa likapendeka mthunzi umasuntha, usiku kulibiretu. Maso athu sazindikira kusinthaku chifukwa amazolowera msanga, koma mukapanikiza tsiku lonse m'masekondi ochepa, kusinthako kumasanduka kuthwanima kumene mwaonako. Pojambula chinthu choola, dzuwa litsekereni kunja. Pezani katoni yaikulu, mkati mwake mumatemo pepala loyera, muboole kabowo kokwana diso la kamera, ndipo muikemo nyali imodzi ya LED yoyaka usana ndi usiku. Ngati n'kotheka, nyaliyo iziyakira batire ya sola kapena power bank. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo mababu ena otsika mtengo amaonetsa mizeremizere pa chithunzi, komanso magetsi akazima usiku umodzi wokha ndiye kuti kanema wanu waduka pakati.

Chachiwiri, foni ikasiyidwa kuti idzisankhire yokha, pa chithunzi chilichonse imayambanso kuganiza kuti iyang'anitsitse pati, ilowetse kuwala kochuluka bwanji, ndiponso kuti choyera ndi chiti. Bango likayamba kuda, foni imaganiza kuti kwada, n'kuwalitsa chithunzi chonse, ndipo inu mumataya chinthu chenichenicho chimene mumafuna kuonetsa. Zitatu zonsezi, focus, exposure ndi white balance, muzitsekeretu musanayambe, zisasinthenso mpaka mutamaliza.

Za kusuntha, mabuku sangakuthandizeni. Mangani foniyo ndi mphira pa thabwa, thabwalo mulikhomere ku tebulo, ndipo mbale muimate pansi kuti isatembenuke ngakhale pang'ono.

Wophunzira za makompyuta wa ku Khombedza

Ndiwonjezereko pa mawu a achimwenewa, makamaka pa masamu ake. Kanema wamba amaonetsa zithunzi 24, 25 kapena 30 pa sekondi imodzi. Aphunzitsi mukamajambula mphindi 10 zilizonse, pa ola mupeza zithunzi 6, pa tsiku 144, ndipo pa liwiro la zithunzi 24 tsiku lonse lidzatha m'masekondi 6. Masiku 9 ndi zithunzi 1,296, kanema wa masekondi 54, amene ndi wokwanira bwino kuonetsa m'kalasi. Ngati chithunzi chilichonse chili ndi 3 MB, mufunika malo pafupifupi 4 GB, choncho onani memory card musanayambe.

Time-lapse imene imabwera kale m'mafoni ambiri inapangidwira mitambo ndi magalimoto, zinthu za ola limodzi kapena awiri, ndipo kamera imakhala ikugwira ntchito yolemetsa nthawi yonseyo, n'chifukwa chake foni imatentha. Pa foni za Android pali pulogalamu yaulere yotchedwa Open Camera, imene imalola kujambula zithunzi mobwerezabwereza pa nthawi imene mwaiuza, komanso kutseka focus ndi exposure. Muchotse chikuto cha foni, muchepetse kuwala kwa sikirini mpaka pansi, muzimitse netiweki, ndipo foniyo ikhale kunja kwa katoni, diso lokha lisuzumire mkati. Ndikulangizanso kuti mugwiritse ntchito foni yakale imene simukuidaliranso, chifukwa batire ikakhala pa chaja masiku ambiri m'kutentha kwa Novembala kuno ku Salima imatha kufufuma.

Agogo a ku Linga

Ine zamakina sindizidziwa, mdzukulu wanga ndiye wandiwerengera zonsezi, koma pali chimene chandikhudza mtima. Ife tinaleredwa kuti chakudya sachiseweretsa. Amene tinaona njala ya 2002 sitingasangalale kumva kuti munthu waika zipatso zabwinobwino m'mbale n'cholinga choti ziole iye akuonerera. Aphunzitsi, kodi ana amene mudzawaonetse kanemayo sadzatengapo phunziro loti kutaya chakudya ndi chinthu chopepuka?

Mphunzitsi wa ku Chipoka

Agogo, funso lanu ndalilandira ndi manja awiri, ndipo ndikuvomera kuti poyamba sindinaliganizire mokwanira. Mango atatu aja ndinagula pamsika ali abwino, ndipo pamenepo mwanena zoona. Ulendo uno nditola a pansi pa mtengo wa pakhomo panga, chifukwa nyengo ino amagwa ochuluka kuposa amene tingadye, ndipo ambiri amaolera pomwepo. Cholinga changa ndi chakuti mwana aone pamene kuola kumayambira, kuti mawa akamathyola mango okagulitsa m'mbali mwa msewu wa M5 adziwe chifukwa chake kugenda mtengo ndi miyala kumamutayitsa ndalama. Ndikufuna ndiike bango limodzi lothyoledwa ndi dzanja pambali pa lina logwa lokha, ana adzionere kusiyana kwake.

Mayi wogulitsa nsomba wa ku Senga Bay

Aphunzitsi, ngati makinawo akutha kuonetsa pamene kuola kumayambira, ndikupempha kuti mukamaliza za mango mubwere nawo kunyanja kuno. Ife amayi amene timagula usipa m'mawa asodzi akamatsika ndi maukonde awo a chilimira timataya ndalama zambiri nyengo ya mvula, ndipo nthawi zambiri sitidziwa kuti katundu anayamba kuonongeka ola liti. Umayanika usipa pa thandala kunja kukuwala, chakumasana mitambo yabwera, umafunditsa pulasitiki, ndipo pofika mawa lake ukavundukula umapeza wafewa, mimba zaphulika, fungo lasintha, ntchentche zobiriwira zija zadzaza. Pakati pathu timatsutsana kwambiri. Ena amati pulasitiki ndiyo imaupsereza, ena amati usipawo umakhala utayamba kale kuonongeka m'bwato usiku, chifukwa wogwidwa koyambirira umakhala pansi nthawi yaitali utapsinjidwa ndi unzake.

Chambo timachidziwa pochiyang'ana: diso likayamba kulowa ndi kuchita mtambo, makha akasiya kufiira n'kuyamba kutuwa, ukadina ndi chala mnofu osabwerera, ndiye kuti nthawi yatha. Koma usipa ndi wochuluka, munthu sungauyang'ane umodziumodzi. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti anzathu ena akaona mphutsi amathamangira kuthira mankhwala osungira chimanga pa nsomba imene ana athu adzadye. Mwina ataona ndi maso awo kuti ntchentche imaikira mazira pa ola liti, angaike mtima pa kutchinga nsomba msanga m'malo mothira poizoni pambuyo pake.

Wojambula maukwati wa ku Nkhotakota boma

Amayi, ntchito imeneyo ndi yotheka, koma ikusiyana ndi ya mango pa zinthu ziwiri. Nsomba imaonongeka msanga, choncho mphindi 10 ndi zotalikirana kwambiri. Ine ndingajambule mphindi 2 zilizonse, zimene zikupereka zithunzi 720 pa tsiku, kanema wa masekondi 30. M'nyengo yotentha mazira a ntchentche zobiriwira amaswa tsiku lisanathe, ndipo mukatalikitsa nthawi mudzangoona nsomba yoyera, kenako mphutsi zili mbwee, osaona pamene zinayambira.

Kusiyana kwina ndi kwakuti usipa sitingautsekere m'katoni, chifukwa funso lanu likukhudza dzuwa, mphepo ndi pulasitiki. Pamenepa kuthwanima tingokuvomera, chifukwa tikufuna yankho osati kukongola. Ndingaike milu iwiri yaing'ono pa thandala limodzi, wina wochokera pansi pa bwato, wina wa pamwamba, ndipo pakati pake ndingaike wotchi ya pakhoma kuti chithunzi chilichonse chizinena chokha nthawi yake. Chenjezo langa ndi la nyali ya usiku. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa zimene nkhungu, tizilombo touluka tija ta m'nyanja, zimachita zikatuluka m'madzi n'kuona kuwala: zimaphimba galasi lonse, ndipo zithunzi za usiku umenewo zimangokhala zakuda bii. Nyaliyo muiike patali ndi diso la kamera, iunikire kuchokera m'mbali.

Mlangizi wa zaulimi wa ku Lifuwu

Ndatsatira zokambiranazi mwachidwi, ndipo ndikufuna kunenapo ziwiri, china chothandiza phunziro, china chochenjeza. Madontho akuda amene amatuluka pa khungu la bango likamapsa nthawi zambiri amayamba ndi matenda otchedwa anthracnose, obwera ndi kachuku ka mtundu wa Colletotrichum. Kachukuka kamalowa chipatso chikadali chosakhwima mumtengo, makamaka kukakhala chinyezi, n'kungokhala phee mpaka chipatsocho chitayamba kupsa ndi kufewa. Choncho Aphunzitsi musadabwe mukaona kuti ngakhale bango lothyoledwa bwino lachita madontho. Kusiyana kumene muyembekezere ndi kwakuti logwa pansi lidzayamba kufewa ndi kuda pa malo amene linamenyetseka, pamene linalo madontho ake adzayamba ang'onoang'ono, omwazikana, n'kumakula mpaka kukumana. Musawaunjikenso pafupi kwambiri, chifukwa chipatso chakupsa chimatulutsa mpweya wa ethylene umene umafulumizitsa kupsa kwa chinzake, ndipo kuyerekeza kwanu kungasokonekere.

Chenjezo langa ndi la chuku. Katoni imene mwakhala zinthu zoola kwa sabata imadzaza ndi fumbi la chuku losaoneka ndi maso, ndipo si labwino kulipuma, makamaka kwa odwala mphumu ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika. Musaiike m'chipinda chogona kapena pafupi ndi posungira ufa. Pomaliza mukaitsegulire panja, mutavala chotchinga pamphuno, ndipo zoolazo mukazikwirire m'dzenje la manyowa.

Ine chimene ndingakonde kuti chijambulidwe ndi mtedza ndi chimanga zosungidwa zisanaume. Chuku chobiriwira monkera kuchikasu chotchedwa Aspergillus flavus chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndipo amatha kuyambitsa khansa, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuthetsa. Poizoniyu anadziwika ku England, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa mu 1960 chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Timawauza alimi kuti chimanga chiume mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti asanachiike m'thumba, timawaletsanso kuwaza madzi pa mtedza pofuna kuti usavute kuswa, koma mawu okha sawagwira mtima, chifukwa tsiku limene awaza madzilo mtedza umaoneka wabwinobwino. Mabotolo awiri otsekedwa, lina la mtedza wouma, lina la wowazidwa madzi, atajambulidwa kwa masabata awiri, angandithandize pa msonkhano wa alimi kuposa mapepala onse amene ndimanyamula.

Namwino wa ku Dwangwa

Ndikugwirizana ndi Alangizi pa za fumbi la chuku, ndipo ndikupempha Aphunzitsi kuti ophunzira aonetsedwe kanema yekha, mbale yoolayo isalowe m'kalasi. Mukafuna kuti chuku chisamwazike, vindikirani mbaleyo ndi chidebe cha galasi, koma dziwani kuti galasilo lidzachita thukuta mkati chifukwa chipatso chimatulutsa madzi.

Wojambula maukwati wa ku Nkhotakota boma

Achemwali anena zoona za thukutalo, ndipo linandionongerapo ntchito pamene ndinkajambula buledi akuchita chuku. Ndinalithetsa posiya kampata pamwamba n'kukaphimba ndi nsalu yopyapyala, kuti chinyezi chizituluka koma ntchentche ndi nyerere zisalowe. Miyendo ya tebulo muiike m'zitini za madzi, apo ayi nyerere zidzamaliza bango chuku chisanayambe n'komwe.

Mayi wa ku Chia

Ine ndikufuna kukumbutsa gulu kuti kuno ku Nkhotakota pali kuvunda kwina kumene timachita dala, ndipo popanda iko sitingadye. Chinangwa chowawa tikachisenda timachiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, madzi achite thovu ndi kafungo kowawasa, kenako timachitsuka, kuchiyanika ndi kuchisinja kuti tipeze ufa wa kondowole. Kuviikako ndi kumene kumachotsa poizoni wa m'chinangwa chowawa. Atsikana ambiri masiku ano amavuula msanga chifukwa chofulumira, makamaka nthawi ya mwera pamene madzi azizira ndipo chinangwa chimachedwa kufewa. Mutajambula ndowa ya galasi kapena botolo lalikulu, tsiku ndi tsiku thovu likukwera, chinangwa chikusweka pang'onopang'ono, mungatithandize kuwaonetsa kuti chapsa ndi chiti ndipo chosapsa ndi chiti. Agogo a ku Linga, ndikhulupirira kuti pamenepa simudandaula, chifukwa chinangwacho tidzachidya kanema akatha.

Agogo a ku Linga

Pamenepo sindidandaula, mwana wanga, ndipo Aphunzitsi andiyankha bwino. Popeza mwandilola kulankhula, nanenso ndili ndi pempho. Pagombe pafupi ndi kwathu pali bwato la malemu mkulu wanga, limene anasema yekha ndipo analipalasa zaka zambiri. Chimwalirireni mwini wake lili pamchenga chafufumimba. Chaka chatha m'mphuno mwake munali molimba, lero mukadina ndi chala mukulowa, chiswe chamanga njira zake m'mbali, ndipo ming'alu imene ankaimata ndi phula yatseguka yonse. Madzi a nyanja atakwera mu 2024 anafika mpaka pamene lili, n'kubwereranso, ndipo kuyambira pamenepo likutha msanga. Kulikonza sikungathekenso. Ndikufuna adzukulu ake adzaone mmene linalili ndi mmene linathera. Kodi makina anuwo angadikire chaka chathunthu?

Wojambula maukwati wa ku Nkhotakota boma

Agogo, pa ntchito yotere makina sasiyidwa pagombe, chifukwa mvula, mchenga ndi akuba sizingawalole. Amene amadikira ndi munthu. Tidzakumba dzenje pa malo amene bwato likuoneka lonse, tidzaimika chitsulo ndi simenti, ndipo pamwamba pake tidzakhoma kathabwa kokhala ndi ngodya yolowetsamo foni, kuti nthawi iliyonse izikhala pa malo amodzimodzi, kuyang'ana mbali imodzimodzi. Mdzukulu wanu azipita tsiku lililonse pa ola lomwelo, makamaka m'bandakucha dzuwa lisanatuluke pa nyanja, pamene kulibe mithunzi yakuthwa, n'kujambula chithunzi chimodzi ndi foni yomweyo. Pa chaka adzakhala ndi zithunzi 365, kanema wa masekondi pafupifupi 15. Akaphonya tsiku limodzi kapena awiri palibe choopsa, chifukwa mtengo suthamanga ngati nsomba.

Mtengo umaola msanga pamene ukunyowa ndi kuuma mosinthanasinthana, n'chifukwa chake madzi aja atafika n'kubwerera bwatolo layamba kutha mofulumira. Ndingakonde kuti kuwonjezera pa chithunzi cha bwato lonse, kamodzi pa sabata azijambulanso m'mphuno muja pafupi, ataika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwa mng'alu kuzidziwika. Koma tisanaimike chitsulo, ndikupempha kuti mukambirane ndi ana a malemuwo ndi amfumu a pamalopo. Bwato la munthu amene anatisiya si mbale ya mango, ndipo sindingafune kuti kanemayo afike pa WhatsApp kapena Facebook eni ake asanavomere. Akavomera, simenti ndi chitsulo ndidzabwera nazo ine.

Agogo a ku Linga

Ana ake ndiwaitana Lachisanu tikatuluka ku mzikiti, ndipo ndidzakuuzani zimene agwirizana.

Mphunzitsi wa ku Chipoka

Ndabweranso patatha masabata awiri kudzapereka lipoti kwa nonse amene munandithandiza. Ndinatsatira malangizo a katoni, nyali ya sola, foni yakale yomangidwa pa thabwa ndi zitini za madzi, ndipo ndinajambula masiku 9 osadukiza. Kuthwanima kwatheratu, kupatula malo amodzi pamene batire ya nyali inafooka m'bandakucha kutachita mitambo masiku awiri.

Ndinaika mango awiri a mtengo umodzi, motalikirana monga Alangizi ananenera. Logwa pansi linali ndi kachipsera kakang'ono kumbali, kosaposa chikhadabo, kamene pa tsiku loyamba munthu sakanakaona ngati vuto. M'kanema, malo amenewo akuyamba kulowa mkati usiku wa tsiku lachiwiri, khungu lisanasinthe mtundu, kenako kuda kukufalikira kuchokera pamenepo ngati inki pa nsalu yonyowa. Pa tsiku lachisanu timadontho ta madzi tikutuluka pakhungu, ndipo m'mawa mwake chuku chotuwa chikumera mozungulira bala, chikutukuka ngati thonje kenako n'kugwa. Lothyoledwa ndi dzanja linakhala losalala mpaka tsiku lachisanu, pamene timadontho takuda tinayamba kuoneka pafupi ndi phesi, ndendende monga Alangizi anafotokozera. Chimene sindinachiyembekezere ndi kuyenda kwa chipatsocho. Ndinaliona tsiku lililonse ndi maso anga ndipo ndinkati lili pamodzimodzi, koma m'kanema bango likukhwinyata, likupendekera kumbali yoola, likuphwa pang'onopang'ono mpaka kutsamira m'mphepete mwa mbale.

Ndinawaonetsa ophunzira a Fomu 2 Lachitatu pa laputopu, ndipo anandipempha kuti ndibwereze kanayi. Mtsikana wina amene amagulitsa mango ndi amayi ake anandiuza kuti ndiimitse pa usiku wachiwiri uja, anayandikira sikirini, n'kufunsa ngati bango limenelo likanagulitsidwa m'mawa mwake wogula akanadziwa. Ndinamuyankha kuti sakanadziwa, ndipo kalasi yonse inayamba kukambirana za madengu amene amapita ku Lilongwe atasakaniza ogwa ndi othyola.

Mayi wogulitsa nsomba wa ku Senga Bay

Zikomo Aphunzitsi potibwezera mawu. Ine ndalankhula kale ndi mwini bwato amene ndimagulako, ndipo wavomera kundipatulira usipa wa pansi ndi wa pamwamba m'mbale ziwiri zosiyana. Wotchi ya pakhoma ndili nayo, thandala ndasankha la kumapeto kumene ana sadutsadutsa. Mukabwera Loweruka, fikani isanakwane 5 koloko m'mawa, chifukwa mabwato akatsika sitidikira munthu, ndipo mubwere ndi mphira ija yomangira foni.